Kawiri Si Kawirikawiri

Pa fakitale ija palibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse, kuyambira mlonda wa pageti mpaka manijala, ankangoti a Mpatuliro, chifukwa bambowa ankatha kuimitsa makina osindikizira tsiku lathunthu kaamba ka kachizindikiro kamodzi kokhala posayenera. Iwo sankakwiya nalo dzinalo. Ndipotu ankalinyadira, ngakhale mukanawafunsa akanakana.

Ntchito yawo inali yolemba timapepala topindapinda timene mumatipeza m'katoni ya chipangizo cha kuchipatala, tija ambirife timataya tisanawerenge. Fakitaleyo inkapanga zoyezera shuga, zoyezera kuthamanga kwa magazi, ndi zopopera m'kamwa za anthu a mphumu. Akatswiri a zamankhwala ndi amisiri a makina ankabweretsa mabuku awo onenepa, odzaza mawu omveka kwa iwo okha. A Mpatuliro ankawasandutsa mizere khumi yoti munthu wodwala, wamantha, amene magalasi wawaiwala kuchipinda, awerenge n'kuchita molondola. Pansi pa pepala lililonse lopita kosindikiza pankakhala siginecha yawo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, palibe katoni imene inabwezedwa chifukwa cha mawu awo.

Chipinda cha alembi chinali pamwamba, kumapeto kwa khonde, ndipo zenera lake linayang'ana nyumba yosungira katundu. Kale munali madesiki asanu okhala ndi anthu. Tsopano anayi anali duu, mipando itakwezedwa pamwamba miyendo m'mwamba, chifukwa kampani inagula pulogalamu ya pakompyuta imene inkalemba kapepala konse munthu asanamalize kutakasa shuga mu tiyi. Anzawo anachoka mmodzimmodzi. Wina anakatsegula golosale, wina anabwerera kophunzitsa, ndipo awiri enawo a Mpatuliro sankadziwa n'komwe kumene anagwera.

Manijala anali mayi wachitsikana, wophunzira bwino, amene anthu a m'fakitale anamupatsa dzina lakuti Mwachidule, poti chiganizo chake chilichonse chinkayamba choncho. Sanali munthu woipa ayi, anali munthu wothamanga. Lolemba lina anakwera kuchipinda chija, anatsitsa mpando umodzi, anaupukuta fumbi n'kukhala.

"Mwachidule, bambo, chipinda chino chikutsekedwa mwezi uno ukatha. Akuluakulu aunika, akuti m'zaka zikubwerazi alembi sadzafunikanso. Patsala malo amodzi okha, a munthu woona zimene makina alemba n'kusayina. Ndapempha kuti malowo akhale anu."

"Ndiye ndizikhala mlonda wa kompyuta, bwana?"

"Muzikhala pantchito, bambo. Ena amafunsa kuti bwanji inuyo osati wina wongotuluka kumene kusukulu. Ndawauza kuti zaka zonsezi simunaphonyepo."

Potuluka anawasiyira pepala limodzi padesiki. Anali malangizo a chopopera chatsopano cha mphumu, olembedwa ndi makina aja, ndipo osindikiza ankalifuna tsiku lomwelo isanakwane folo koloko.

Apa ndiyenera kunena za lamulo lawo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. A Mpatuliro sankasayina pepala asanaliyese pa munthu. Ankalitengera kunyumba pamodzi ndi chipangizo chachitsanzo n'kupatsa akazi awo, amene sukulu analekera kupulayimale ndipo ankasoka zovala pakhonde. Mayiwo ankawerenga mokweza n'kuchita ndendende zimene zalembedwa, osaonjezera nzeru zawo. Nthawi yonseyo bambo ankakhala pampando atakhalira manja, dzanja lililonse pansi pa ntchafu yake, pakamwa ali tseke. Ankati mlembi akasiya manja panja amaloza, ndipo akaloza wabera, chifukwa wodwala kunyumba kwake alibe womulozera. Akazi awo ankawaseka kuti mumzinda monse ndi iwo okha amene amadyera kukhalira manja.

Koma Lolemba limenelo mtima unali utawawa. Anayang'ana pepala lija, anaona mizere yowongoka, mipatuliro ili m'malo mwake, palibe chilembo chophonyeka, ndipo zimenezo zinawapweteka koposa. Akanakonda likanakhala lonyansa. Chamumtima anati, poti akuti makinawa aposa anthu asanu, asiyeni asenze okha katundu wawo. Anathamangitsa maso kuchoka pamwamba kufika pansi ngati munthu wofuna dzina lake pamndandanda, anatenga cholembera, n'kusayina. Folo koloko isanakwane pepala linali litafika kosindikiza.

Panadutsa masabata awiri. Timakatoni zikwi makumi atatu tinadzaza mbali imodzi ya nyumba yosungira katundu, ndipo kapitawo analemba ndi choko pabolodi kuti lole inyamuka Lachisanu m'mawa kupita kuzipatala ndi kumasitolo a mankhwala. Lachinayi poweruka, kapitawoyo anawaponyera katoni imodzi yachitsanzo monga ankachitira nthawi zonse. Munali chopopera chopanda mankhwala, chongotulutsa mpweya, ndi kapepala kake. A Mpatuliro anaiika m'thumba la jekete n'kuiwala.

Anafika kunyumba dzuwa likadali m'mwamba. Akazi awo, popachika jekete pamsomali wa kuseri kwa chitseko, anamva chinthu cholimba m'thumba.

"Ichi n'chatsopano?"

"Zatha kale zimenezo, mayi. Zasindikizidwa."

"Zasindikizidwa bwanji ine ndisanawerenge? Kapena mwapeza mkazi wina wodziwa kuwerenga?"

Anaseka okha, bambo sanaseke. Mayi anawayang'ana kanthawi, ndipo munthu amene mwakhala naye zaka makumi atatu safuna kumufotokozera zambiri. Anachotsa nsalu za makasitomala patebulo, anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, n'kukokera mpando pafupi.

"Khalani pansi. Manja."

A Mpatuliro anakhala, anakhalira manja. Mayi anatambasula kapepala ndi kuyamba ndi mawu awo aja owerengera, odekha ngati akuwerenga kalata ya maliro.

"Choyamba, chotsani chivindikiro." Anachotsa. "Chachiwiri, khutchumulani chopopera." Anakhutchumula. "Chachitatu, tulutsani mpweya wonse, ikani chopopera kukamwa, milomo igwire bwino." Anatero, kenako anachichotsa pang'ono kuti awerenge mzere wotsatira. "Chachinayi, mukabanika, poperani kawirikawiri, mukukoka mpweya pang'onopang'ono."

Anadina. Kachipangizo kanati pfu. Anakoka mpweya, anadinanso. Atadina kachitatu, dzanja lamanja la bambo linagwedezeka pansi pa ntchafu. Kachinayi, kachisanu, mayi ali phee, akuchita zimene auzidwa. Atafika kasanu ndi katatu anachotsa chopopera kukamwa.

"Ndipitirize? Polekezera sipanalembedwe."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire mwambo wawowu, a Mpatuliro anatulutsa manja kuyesa kusanathe. Analanda kapepala kaja n'kukayandikitsa kumaso. Buku la akatswiri ankalidziwa pamtima: kupopera kawiri pa nthawi imodzi, kenako kudikira. Ndipo anaona pomwepo mmene zinachitikira. Makina aja anaphunzira kuti mapiritsi omwa awiri pa nthawi imodzi timati awiriawiri, kuti anthu olowa awiri pa nthawi imodzi alowa awiriawiri. Ndiye anatenga kawiri n'kukabwereza mwa lamulo lomwelo. Lamulo analitsata bwino lomwe. Koma aliyense amene anayamwa chilankhulochi amadziwa kuti kawiri akabwerezedwa amasiya kukhala nambala, amasanduka chizolowezi chopanda malire.

"Kanayenera kukhala kangati?" mayi anafunsa.

"Kawiri."

"Nanga munthu akapopera mmene ndachitira inemu?"

"Mtima umathamanga, manja amanjenjemera. Wamkulu mwina apirira. Mwana wamng'ono, kapena nkhalamba ya mtima wofooka, sindikudziwa."

"Inu simunaone bwanji?"

A Mpatuliro anayang'ana tebulo, pamene panali chizindikiro cha simbi yotentha chimene chinapsa zaka zapitazo. "Sindinawerenge."

Mayi anavula magalasi, anawapinda, n'kuwaika pakapepala paja. Sanakalipe, ndipo bambo akanakonda akanakalipa. Anangowakumbutsa za mdzukulu wawo wa zaka zinayi, mwana wa mwana wawo wamkazi, amene mphumu inkamugwira nthawi iliyonse kukazizira.

"Mwana wanu uja mumamudziwa. Munamulera nokha kuti chimene chalembedwa pakapepala ndicho achite, asaganizire. Kamtsikana kaja kakabanika, mayi wake adzapopera mpaka chala chitope."

"Chopopera chawo n'cha kampani ina."

"Oo. Ndiye ana a eni ake alibe agogo?"

Bambo anayamba kufotokoza zina, mawu akutuluka mothamanga mosiyana ndi chikhalidwe chawo. Akanena, funso loyamba likhala lakuti anasayina ndani. Malo amodzi otsala aja anawapatsa chifukwa sanaphonyepo. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo mumzinda monse palibe amene akufuna mlembi, ngakhale wosaphonya. Mwina akhoza kunena kuti pepala limene anasayina linali ndi kawiri, kuti mawuwo anasinthikira kosindikiza. Lole ikhoza kuima, ana akhoza kupulumuka, ndipo mlandu ukhoza kugwera bambo woyendetsa makina osindikizira, munthu wachete amene ankawapatsa moni wogwira chipewa m'mawa uliwonse.

Ndinene mosabisa: ankachita mantha, koma manyazi anaposa manthawo. Kutha kwa ntchito akanakupirira. Chimene sankatha kuchiyang'ana chinali nkhope za anthu amene anawaimitsira makina chifukwa cha mpatuliro umodzi, akadzamva kuti mwini wake anasayina mzere wotere ali maso.

"Ine sindikuuzani chochita," mayi anatero akunyamuka. "Ntchito yanga ndi kuwerenga, ndipo ndawerenga." Anabwerera pakhonde, ndipo posakhalitsa makina osokera anayamba kulira.

Lachisanu m'mawa a Mpatuliro anapeza lole itaima kale chafutambuyo pakhomo la nyumba yosungira katundu, anthu akupatsirana makatoni akuluakulu. Kapitawo anawakwezera dzanja.

"Mwalawira lero, a Mpatuliro. Mwabwera kudzatsazika ana anu?"

"Taimitsani kaye kupakira."

"Ine ndimaimitsa bwana akanena. Pali mpatuliro wasochera?"

Opakira anaseka. A Mpatuliro anawadutsa, anakwera masitepe, anagogoda pa ofesi ya manijala. Anamupeza foni ili kukhutu, dzanja lina likusanthula mapepala. Anadikira kuti amalize, kenako anaika katoni yachitsanzo patsogolo pake.

"Bwana, ndikupempha mphindi zisanu. Werengani kapepalaka mokweza, muzichita zimene kakunena."

"Mwachidule, bambo, vuto n'chiyani?"

Iwo anakhala pampando wa alendo, n'kukhalira manja. Manijala anayang'ana wotchi, anapumira m'mwamba, koma anatsegula katoniyo, chifukwa nkhope ya mkuluyo inali yosayenera kukangana nayo. Anawerenga mothamanga, anachotsa chivindikiro, anakhutchumula, anaika kukamwa. Anadina kamodzi, kawiri, katatu. Pa kachinayi chala chinaima m'malere. Anabwerera pamzere uja, milomo ikuyenda popanda mawu, kenako anatola foni n'kuuza kapitawo kuti katoni ina iliyonse isakwere, ndipo zimene zakwera zitsike.

Ataika foni pansi anawayang'ana ndi maso opempha. Ankawakonda mkuluyu, ndipo anali atawaikira kumbuyo pamaso pa akuluakulu.

"Mwina zasinthikira kosindikiza, bambo? Pepala limene munasayina linali ndi kawiri, eti?"

Khomo lothawira mlandu linali lotsegula, ndipo analitsegula ndi bwana yemwe. A Mpatuliro anaganiza za bambo wa chipewa uja.

"Linali ndi kawirikawiri. Ndinasayina osawerenga."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinali nditakwiya."

Mmene manijala ankayankhulanso, mawu ake aja oyambira chiganizo sanatuluke. Anangoti apite kaye, awaitana.

Masiku atatu otsatira ntchito zina zinaima. Anthu anakhala m'mizere pamatebulo aatali, akutsegula timakatoni zikwi makumi atatu kamodzikamodzi, kuchotsa kapepala kakale, kuika katsopano kamene kankati poperani kawiri kokha, kenako dikirani. A Mpatuliro anakhala nawo pamzerewo kuyambira m'mawa mpaka poweruka, zala zikuchekeka ndi mapepala. Palibe amene anawanyoza. Palibenso amene anawaitana dzina lawo lija, onse anayamba kungoti bambo, ndipo iwo anamva kusiyanako.

Lachinayi lotsatira manijala anakweranso kuchipinda cha alembi. Ulendo uno sanatsitse mpando, anaima pafupi ndi zenera.

"Akuluakulu akumana. Chipinda chino sichitsekedwa. Akufuna alembi atatu, ndipo chaka chamawa mwina aonjezera. Aona kuti zipangizo zimene kale zinkakhala m'manja mwa anamwino tsopano odwala akupita nazo kunyumba, ndiye timapepalati tichuluka, sitichepa. Makina azilemba poyamba, koma kapepala kalikonse kaziyesedwa pa munthu." Anaima kaye. "Mwawaonetsa ndinu, bambo. Ndinawauza choncho."

"Koma?"

"Koma inuyo simungakhalepo. Buku la malamulo a kasindikizidwe likuti wosayina pepala asanaliwerenge achoke. Ndinayesetsa. Anandiwerengera mzere wake, ndipo ndi womveka bwino moti sindinapeze pozembera."

"Tsamba lachisanu ndi chinayi, mzere wachitatu," a Mpatuliro anatero. "Ndinalemba ndine."

Manijala anayang'ana kunja, kumene lole ija inkapakiridwa kachiwiri. Kenako anapempha chinthu chimodzi chomaliza, ndipo anapempha mwaulemu, akudziwa kuti akhoza kukanidwa. Ankafuna kuti alembe njira yawo yoyesera mapepala, tsamba limodzi lokha, kuti obwerawo adzapeze poyambira.

A Mpatuliro analilemba tsiku lawo lomaliza, pamanja, ndipo linawatengera kuyambira m'mawa mpaka masana. Sanasayine. Analipinda panayi, anatenga kapu yawo ya tiyi ndi dikishonale yothothoka chikuto, anapereka makiyi ndi khadi la pageti ku ofesi, n'kupita kunyumba.

Mayi atawaona akutulutsa pepala m'thumba, anachotsa okha nsalu patebulo. Bambo anakhala pamalo pawo, manja pansi.

"Choyamba, pezani munthu amene sanaonepo chipangizocho. Chachiwiri, mupatseni pepala ndi chipangizo, musafotokoze kalikonse. Chachitatu, khalirani manja anu." Mayi anaika pepala patebulo, anakhalira manja awo, n'kuweramira kutsogolo kuti apitirize. Anakhala choncho awiriwo moyang'anana ngati ana olangidwa kusukulu, ndipo mayi anatsala pang'ono kuseka. "Chachinayi, akalakwitsa, walakwa ndinu, konzani mawuwo. Chachisanu, mawu osonyeza kuchuluka muwerenge mokweza nokha." Anafika pamzere womaliza, mawu anatsika. "Chachisanu ndi chimodzi, mukakwiya musasayine. Dikirani mawa."

Mzere umenewo anauwerenga kawiri. Kenako anatulutsa dzanja limodzi, anakankhira cholembera kwa amuna awo.

"Zamveka zonse. Sayinani."

Bambo sanasunthe.

"Tulutsani manja, bambo. Tamaliza."

Anawatulutsa ali ndi mizere ya mpando, ndipo anasayina. Mayi anaona kuti m'maso mwawo mwalengeza misozi, choncho anapita kukatereka madzi a tiyi kuti asawachititse manyazi.

Lolemba m'mawa bambo anavala jekete yomwe ija n'kukwera basi yawo ya masiku onse. Pageti la fakitale anapeza anthu oposa makumi anayi ataima pamzere m'mbali mwa mpanda, aliyense atanyamula envelopu yofiirira. Popeza khadi analibenso, anaima kunja n'kupatsira mlonda pepala lija pakawindo, kuti alifikitse kwa manijala. Mlonda analandira ndi manja awiri, osadziwa poyang'ana.

Akutembenuka, mayi wina wa pamzerepo, wovala nsapato zatsopano zimene zinkaoneka kuti zikumuluma, anawaimitsa.

"Pepani bambo, ndi pano pamene akufuna alembi?"

"Ndi pano. Akakulowetsani mukwere pamwamba, kumapeto kwa khonde."

"Inu mukuoneka kuti mukupadziwa. Ndi ntchito yokhalitsa koma? Kwathu akundinena kuti ndikutaya nthawi, akuti makina atenga zonse."

A Mpatuliro anayang'ana zenera lapamwamba lija. Wina anali atalitsegula, ndipo m'kati munkaoneka munthu akutsitsa mipando pamadesiki.

"Ikhalapo ntchitoyi," anatero. "Inu muziwerenga."

Mayiyo anathokoza, ngakhale sanamvetse kwenikweni. Mlonda anayamba kuitana mayina, mzere unasuntha, ndipo a Mpatuliro anaoloka msewu kukadikira basi yobwerera.